Kodi Gitala Imalira Cifukwa ca Caka Cake?

Tiyerekeze kuti gulu lanu loyimba lalima munda wa nshawa, lagwira maganyu, lasonkha kandalama sabata ndi sabata kwa zaka ziwiri, ndipo tsopano thumba lakwana kugula gitala ya magetsi. Anzanu asankha inu kuti mukwere galimoto kupita ku Chipata, kapena kupitirira mpaka ku Lusaka. Usiku woti mawa ndi ulendo, alangizi aculuka. Wina ali kunena kuti, "Mukaonetsetse kuti ndi ya caka cino, zinazo n'zotsalira." Wina, amene amaswera kuonera mavidiyo pa foni, ali kunena kuti, "Iai, magitala enieni anapangidwa kale, a masiku ano n'zidole cabe." Onse awiri alankhula motsimikiza, koma palibe mmodzi mwa iwo amene waigwirapo gitala imene mukagule.

Ine ndifuna kutsutsa malangizo onse awiriwa. Ndalama zimene zili m'thumba mwanu ndi thukuta la anthu ambiri, ndipo mukabwerera ndi cinthu cosalira bwino, zidzatenga zaka zina ziwiri kuti cilakwaco cikonzedwe. Conco tiyeni tione kumene nkhani ya caka inacokera, pamene ili ndi nzeru, ndi pamene ili phokoso cabe.

Kumene nkhaniyi inacokera

Ku America, bambo wina dzina lake Leo Fender anatulutsa gitala ya thabwa lopanda mphako mu 1950, imene inachedwa Telecaster mu 1951. Mu 1954 anatulutsa ina yochedwa Stratocaster. Mu 1965 anagulitsa kampani yake kwa a CBS pa mtengo wa madola 13 miliyoni. Eni atsopanowa anafuna kupanga magitala ambiri mofulumira, ndipo oyimba anayamba kudandaula kuti ena mwa magitala a m'zaka za m'ma 1970 anali olemera ndi osalumikizidwa mosamala. A CBS anaigulitsanso kampaniyo mu 1985 kwa ena mwa anchito ake. Kucokera nthawi imeneyo, anthu amasiyanitsa Fender ya 1964 ndi Fender ya 1975.

Ku kampani ya Gibson nkhani ndi yofanana. Gitala ya Les Paul inayamba mu 1952, koma mtundu wake wochedwa Standard umene unapangidwa kuyambira 1958 mpaka 1960 unali wocepa, wosafika 2,000. Oyimba ochuka a ku England ndi ku America atayamba kuyimbira magitala amenewa m'zaka za m'ma 1960, mtengo wake unakwera, ndipo lero imodzi imagulidwa pa madola zikwi mazanamazana.

Taonani bwino zimene zinacitika apa. Cimene cinasintha magitala si kalendala ai. Anasintha ndi eni kampani, kapangidwe, ndi ciwerengero ca magitala otuluka m'fakitale. Caka cinangokhala cizindikiro cothandiza anthu kukumbukira kusinthako. Ndiponso iyi ndi nkhani ya anthu olemera osunga zinthu zakale, amene amagula gitala monga mmene wina amagulira ng'ombe zosungira cuma. Mnzanu amene amabwereza mau awo pa Facebook waiwala kuti inu mukupita kukagula gitala yatsopano yoti iyimbidwe Lamlungu lililonse, pa maukwati ndi pa misonkhano ya acinyamata, ikunyamulidwa pa njinga m'fumbi la mu Okutobala.

Masiku ano mafakitale akuluakulu amadula thupi ndi khosi la gitala ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta. Thupi lodulidwa caka catha ndi lodulidwa caka cino sizisiyana muyeso ngati mtundu wa gitalayo sunasinthe. Kusiyana kwenikweni kumabwera pa nchito ya manja yomalizira: kusalaza tizitsulo topingasa pa khosi timene oyimba amati mafureti, kulumikiza mawaya a m'kati, ndi kukonza kutalika kwa nsambo. Pa nchito imeneyi magitala awiri otuluka tsiku limodzi angathe kusiyana kuposa awiri otuluka zaka zosiyana.

Pamene caka cili ndi kanthu

Sindikunena kuti caka cilibe nchito konse. Pali malo atatu pamene ciyenera kufunsidwa.

Coyamba, nthawi zina kampani imasintha zipangizo koma dzina la gitala n'kukhala lomwelo kapena lofanana nalo. Mu Januwale 2017 pangano la maiko loteteza nyama ndi mitengo, lochedwa CITES, linakhwimitsa malamulo a malonda a mtengo wa rosewood, umene umaikidwa pamwamba pa khosi pamene zala zimaponda. A Fender anayamba kuika mtengo wina wochedwa pau ferro pa magitala awo opangidwa ku Mexico. Mu 2019 zoyimbira zopangidwa kale zinamasulidwa ku lamulolo, ndipo mu 2024 mtundu wa Player II unatuluka uli ndi rosewood. Ife a m'Zambia nkhani yotere si yacilendo, pakuti mtengo wathu wa mukula unalowanso m'ndandanda wa CITES mu 2019 cifukwa ca kudulidwa kopitirira muyeso. Citsanzo cina ndi ca a Gibson, amene mu 2015 anaika pa magitala awo ambiri kamakina kocuna nsambo kokha. Oyimba ambiri sanakakonde, ndipo mu 2016 kampaniyo inabwezeretsa mitundu yokhala ndi zocunira wamba. Pa zinthu zotere caka cimakuuzani cimene cili pa gitalayo. Koma funso loyenera ndi lakuti, "Kodi pa gitala iyi pali ciani?" Maso anu angathe kuyankha funsoli popanda kalendala.

Caciwiri, caka cimakuuzani nthawi imene gitala yakhala ikulendewera m'sitolo. Mtengo umamwa cinyezi m'dzinja ndi kuuma m'cilimwe. Gitala imene yakhala zaka zinai pa windo, ikupsa ndi dzuwa, ingathe kukhala ndi khosi lopindika, nsambo za dzimbiri, nsonga za mafureti zotuluka m'mbali n'kumaceka zala, ndi zopotokola za mau zodzaza fumbi. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi misozi. Gulu lathu linandituma, ndipo ndinasankha gitala yofiira yowala imene inali pa windo la sitolo ina, osaiyesa pa amplifaya. Titafika kumudzi tinapeza kuti ikacunidwa bwino kumutu, imanama ukatsikira kumunsi kwa khosi, ndipo woyimba kiyibodi ankandiyang'ana nyimbo iliyonse. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe colakwa sicinali caka. Gitala ya zaka zinai yosungidwa m'bokosi lake pamthunzi ingathe kukhala yabwino kwambiri, ndipo mungathe kupempha kuti mtengo utsike cifukwa yakhalitsa.

Cacitatu, nambala yolembedwa pa mutu wa gitala imathandiza kugwira zacinyengo. Pa magitala a Fender a masiku ano opangidwa ku Mexico, nambalayo imayamba ndi MX, ndipo pa opangidwa ku America imayamba ndi US, kenaka manambala awiri osonyeza caka. Mungathe kuifufuza pa intaneti, pa tsamba la kampaniyo. Koma dziwani kuti opanga zabodza nawonso amadziwa kudinda manambala. Cizindikiro cosanama ndi mtengo wake. Mukaona gitala yolembedwa Fender kapena Gibson ikugulitsidwa pa mtengo wa njinga, si yeniyeni. Kuli bwino kugula Squier, imene ndi ya a Fender omwewo kuyambira 1982, kapena Epiphone ya a Gibson, kapena Yamaha Pacifica, imene inayamba mu 1990, kusiyana ndi kulipira dzina lakuba.

Zimene muyenera kuyesa m'sitolo

Safunsa anadya phula. Pitani ndi munthu wodziwa kuyimba, ngakhale kuti mumulipirire ulendo. Mukafika, musacite manyazi kupempha kuti gitala ilumikizidwe ku amplifaya. Wogulitsa wokana zimenezi wakuuzani kale zonse.

Kwezani gitala ndi kuyang'ana khosi kucokera kumutu monga mmene kalipentala amayang'anira thabwa. Liyenera kukhala lowongoka kapena lopindika pang'ono cabe, losapotoka. M'kati mwa khosi muli citsulo cowongolera, ndipo funsani ngati kasipanala kake kalipo m'bokosi. Yendetsani cala m'mbali mwa khosi kuti mumve ngati pali nsonga zoceka.

Kenaka pitani pa fureti ya 12, imene ili pakati penipeni pa nsambo. Mpata wa pakati pa nsambo ndi furetiyo ukhale pafupifupi mamilimita awiri. Ukakhala waukulu, zala za ophunzira zidzatupa ndipo adzagwa ulesi. Lizani nsambo osaponda, kenaka pondani pa fureti ya 12. Liu liyenera kukhala lomwelo, lokwera cabe. Likasiyana pang'ono, limakonzedwa ndi tizomangira ta kumunsi kumene nsambo zimakhazikika. Likasiyana kwambiri, isiyeni. Pondani fureti iliyonse pa nsambo iliyonse, mumve ngati pali pamene liu likufa kapena kunjenjemera. Zidzakutengerani mphindi khumi, koma ndi mphindi zoteteza zaka ziwiri za maganyu.

Potokolani zokwezera mau zonse ndi kugwedeza cingwe polowera pake. Mukamva kuthetheka, mawaya a m'kati ali ndi vuto. Cunani gitala, yimbani nyimbo imodzi mwamphamvu, ndipo onani ngati nsambo zatsika.

Mvetseraninso kulira kwa gitala pamene simukuigwira. Pansi pa nsambo pali tizipangizo ta maginito totola mau, tochedwa pickup. Tina tili ndi mkulungo umodzi wa waya, ndipo timatola msanga phokoso la magetsi. Tina tili ndi mikulungo iwiri imene imathetsa phokosolo. Mtundu waciwiriwu, wochedwa humbucker, a Gibson anauika pa Les Paul mu 1957. Kwa gulu limene limadalira jenereta kapena sola, cinthu cimeneci cili ndi phindu kuposa caka ciliconse.

Musaiwalenso kuti gitala ya magetsi payokha ndi theka la coyimbira. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse. Musanagule, khalani pansi ndi kufunsana kumene mphamvu ya amplifaya idzacokera. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230, pamene a ku America ndi a 120, conco amplifaya yotumizidwa ndi wacibale kucokera kumeneko ingathe kupsa tsiku loyamba ngati simuwerenga zolembedwa kumbuyo kwake. Sungani gawo la ndalama la cingwe cabwino, cikwama ca gitala ndi mapaketi awiri a nsambo, pakuti nsambo ikaduka pakati pa ukwati kwa Mlolo, ku Chipata n'kutali. Ndipo tengani risiti yolembedwa tsiku logulira ndi nambala ya gitala. Tsiku limeneli ndi lofunika kuposa caka ca ku fakitale, cifukwa ndilo limene mudzalozera mukabwerera kukadandaula, ndiponso ndilo limene mudzaonetsa anzanu popereka lipoti la ndalama zawo.

Tifunse oyimba athu

M'zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Inali nthawi ya Zamrock: gulu la WITCH ndi Emmanuel "Jagari" Chanda, Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, Amanaz ndi cimbale cawo ca Africa mu 1975, ndi Paul Ngozi amene ankayimba m'Cinyanja ndi gulu lake la Ngozi Family, mwini cimbale ca Day of Judgement ca mu 1976. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, koma zimbale za nthawi imeneyo zadindidwanso ku America, ndipo WITCH inatulutsa cimbale catsopano, Zango, mu 2023. Cimene cimakopa omvera a kunja ndi kayimbidwe ka anyamata aja, manja awo ndi mtima wawo.

Kutsidya kwa malire, Madalitso Band inayambira m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wa nsambo imodzi wopangidwa pamanja. Mu 2017 anakayimba ku cikondwerero ca Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo pambuyo pake anayenda maiko a ku Ulaya. Babatoni alibe nambala ya fakitale. Enanu munaphunzirira pa banjo ya cigubu ca mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, ndipo mukudziwa nokha kuti mwana waluso amailiza mpaka agogo n'kuimirira kuvina.

Conco mnzanu akadzakufunsani kuti gitala yanu ndi ya caka citi, muuzeni, pakuti si cinsinsi. Koma mumuuzenso kuti khosi lake munaliyang'ana, mafureti onse munawaponda, ndipo risiti ili kwa msungicuma. Zikatero konzani ndandanda ya ophunzira, atsikana ndi anyamata omwe, kuti gitalayo isakhale ya munthu mmodzi. Muzipukuta nsambo mukatha kuyimba, muziisunga m'cikwama kutali ndi dzuwa ndi denga lodontha, ndipo muzikumana kawiri pa sabata kukonzekera. Zaka zimene zidzamveka pamene gulu lanu liimirira pamaso pa anthu ndi zimene zala zanu zatha pa nsambozo.