Telala wa ku Harlem ndi Zizindikiro za Anthu Olemera

Mu 1982, pamene nyimbo za hip hop zinkafalikira mu New York kuchokera ku Bronx, Daniel Day, wotchuka ndi dzina loti Dapper Dan, adatsekula sitolo ya zovala ku Harlem. Ankadinda pa zikopa zizindikiro za Gucci, Fendi ndi Louis Vuitton, nasoka nazo majekete amene eni mainawo sadaŵaganizepo. Oimba monga LL Cool J ndi Rakim adavala zovalazo. Makampani adamzenga mlandu wakuba zizindikiro, ndipo sitoloyo idatsekedwa mu 1992.

Koma mlandu suwola. Mu 2017 Gucci adaonetsa jekete yamanja otukumuka, yofanana kwambiri ndi imene telalayu adasokera Diane Dixon, katswiri wa liŵiro, mu 1989. Anthu atadandaula, kampaniyo idati idachita zimenezi pomlemekeza, ndipo mu 2018 idamthandiza kutsekulanso malo osokera ku Harlem. Choncho mchitidwe umodzimodzi udatchedwa kuba pamene adauchita wosauka, koma ulemu pamene adauchita wolemera.

Tiyenera kuvomera kuti ntchito ya Dapper Dan idali luso lenileni. Adabwereka chizindikiro chokha. Msoko, kukula kwa chovala ndi maonekedwe ake zidachokera m'mutu mwake. Adachita ndi zikopa chomwe DJ Kool Herc ankachita kuyambira 1973 podula kachigawo ka nyimbo yakale ndi kukasandutsa maziko a gule watsopano.

Komabe sitingabise kufooka kwa lusoli. Mphamvu ya jekete ija idatsamira pa dzina la mwini chuma. Mnyamata wonyozeka ankaivala kuti anthu amuŵerengere, koma potero ankavomereza osadziŵa chiphunzitso chomwe chidamnyoza, chakuti ulemu wa munthu uli pa mtengo wa chimene wavala.

Nchifukwa chake sitifulumira kuomba m'manja pomva kuti Louis Vuitton adasankha Virgil Abloh mu 2018, kenaka Pharrell Williams mu 2023, kuti atsogolere kapangidwe ka zovala za amuna. Nzoona kuti khomo lidatsekuka. Koma mwini nyumba sadasinthe, ndipo mtengo wa zovalazo ukadatsekerezabe kunja ana a m'makwalala m'mene lusoli lidabadwira. Pofuna kudziŵa amene wapambana, tisayang'ane amene akujambula chovalacho. Tifunse kuti phindu lake likuloŵa m'thumba la yani.