Manja Amene Anajambula Mizati ya Eagle Nebula

Pa 1 Epulo 1995, Jeff Hester ndi Paul Scowen, akatswiri a zakuthambo a ku Arizona State University, anagwiritsa ntchito makina oonera zakuthambo a Hubble kujambula mtambo wa Eagle Nebula, umene kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 6,500 kuti kutipeze. Chinatuluka ndi chithunzi chotchedwa Pillars of Creation: mizati itatu ya mpweya ndi fumbi itaima njo. Ambiri amachitamira kukongola, koma ine chimandigwira mtima ndi nzeru imene inapita pochikonza.

Kamera ya Hubble siona mitundu. Awiriwa anajambula zithunzi 32 kudzera m'magalasi osefa kuwala, ena mwa iwo olola kuwala kwa mpweya umodzi wokha. Vuto linali lakuti haidirojeni ndi sulufule zonse zimawala mofiira, moti pozisiya momwemo zikanangosakanikirana. Choncho sulufule anamusiyira kufiira, haidirojeni anamupatsa kubiriwira, okosijeni buluu. Mitunduyi sanaiike kuti akometse. Anaiika kuti diso liwerenge zimene zikuchitika.

Taonani m'mphepete mwa mzati wautaliwo, umene kuwala kumautha m'zaka ngati zinayi. Nsonga yake ikunyezimira, ndipo mpweya ukufuka kuchoka pamenepo. Zikuuwotcha ndi nyenyezi zikuluzikulu zazing'ono msinkhu, zobadwa mumtambo womwewu, zimene zili kumtunda, kunja kwa chithunzi. Kuwala kwawo kwaukali kumaseseratu mpweya wopepuka, koma pamene mpweya waundana kwambiri pamakana, n'kuteteza zonse zili kumbuyo kwake, monga mmene mvula imakokololera nthaka n'kusiya kachulu pansi pa mwala. Mizati ija ndi zotsala zimenezo. Kunsonga kwake kuli timibulu ta mpweya wolimba, ndipo mu tina mwa ito muli nyenyezi zimene zikuumbika, zikukoka mpweya kuti zikule usanathe kuuluzika.

Pangodya yakumanja kumtunda pali mpata wakuda wokhala ndi masitepe. Kamera ija inali ndi makamera anayi mkati mwake, ndipo imodzi inkaona pafupi kuposa zinzake, ndiye gawo lake analichepetsa kuti ligwirizane. Mpatawo sanaumate ndi zongopeka. Pamene makina sanaone, iwonso sanajambulepo kanthu.

Mu 2022 makina a James Webb analowa ndi diso lawo m'fumbi lija n'kuonetsa nyenyezi zambiri zakhanda. Koma amene anaphunzitsa dziko lonse kuona kuti mtambo umabala nyenyezi, nyenyezizo n'kutembenuka kuudya, ndi Hester ndi Scowen, pongosankha bwino mitundu itatu.