Chimanga cha ku Kentucky pa lilime la ku Chirimba

Anthu ambiri kuno kwathu akamva za wisiki amaganiza za Scotland, za mabotolo a Johnnie Walker amene amaikidwa patebulo la akuluakulu pa ukwati. Koma ulipo wisiki wina wochokera ku mbewu imene ife timaidziwa mpaka kumtima. Bourbon ndi mowa wa chimanga. Lamulo la ku America limati pa mbewu zonse zolowa m'phala lake, magawo osachepera 51 pa 100 alionse akhale chimanga, ndipo zotsalazo zimakhala chimera cha barele pamodzi ndi rye kapena tirigu. Munthu wokulira pa nsima, pa thobwa ndi pa chimanga chootcha asachite nalo mantha botololi. Zambiri zimene zili m'menemo lilime lake linazilawa kale ali mwana.

Anandionetsa zimenezi ndi madala ena a ku Chirimba amene anagwira ntchito m'mabala a m'mahotela mu Blantyre muno mpaka kupuma. Nyumba yawo ili kumtunda kwa msika, ndipo ukakhala pakhonde pawo phiri la Michiru limaoneka ngati ungalikhudze. Si munthu wa mowa wambiri ayi; botolo limodzi limawathera miyezi. Limene linalipo panthawiyo linali la bourbon wotchedwa Jim Beam, wa pepala loyera, limene mwana wa mchemwali wawo anabwera nalo pa basi kuchokera ku Joni kudzera pa Mwanza. Kwawo ku America umenewu ndi mowa wa munthu wamba, wopezeka m'masitolo ambiri a mowa. Kuno, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe chochokera kunja chimene tingati n'chotchipa, komabe pakati pa mawisiki akunja Jim Beam ali m'gulu la amene munthu wolandira pamwezi angawafikire.

Chimene madalawa amayamba kusamala si mowawo, koma tambula. Tambula yotakata kukamwa, imene m'mabala amadzazamo ayezi, amaikana. Amatenga ya vinyo, yamimba pansi, yopanikizika kukamwa, chifukwa fungo limasonkhana m'mimbamo n'kutulukira pamalo amodzi. Amaitsuka ndi madzi okhaokha, n'kuinunkhiza musanalowe kanthu. Ikamveka sopo kapena fungo la m'kabati, amaitsukanso. Tsiku lolawa sadya kambuzi, sadzola mafuta onunkhira m'manja, ndipo botolo amaliika pansi pa simenti kuseri kwa chitseko, poti kutentha kwa mu Okutobala kumadzutsa ukali wa mowa mpaka kuphimba zina zonse.

Anathira toti imodzi n'kukweza tambulayo molunjika kuwala kwa pakhomo. Mowawo unali wagolide wopepuka, wosafiira kwambiri.

"Mtundu uwu, mphwanga, palibe anauthira," anatero. "Ndi wa mtengo."

Ndipo n'zoona. Bourbon akamatuluka potchezera amakhala woyera mbee, wosasiyana maonekedwe ndi kachasu. Lamulo silola kuthiramo utoto kapena zokometsera, pamene wisiki wa ku Scotland amaloledwa kuthira utoto wa shuga wowotcha. Chimene lamulo limalamula n'chakuti mowawo ugone m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak, yowauliridwa m'kati ndi moto. Mgolo umodzi umalowa malita pafupifupi 200. Amisiri a migolo amayatsa lawi lamphamvu m'kati mwake kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, mpaka thabwa litada n'kung'ambikang'ambika. Makala a pamwambawo amasefa mowa, kuchotsa fungo loipa. Kuseri kwa makalawo kuli thabwa limene kutentha kwasandutsa timadzi take kukhala totsekemera. Ku Kentucky, kumene Jim Beam amapangidwa, m'nyengo yachisanu kumazizira mpaka madzi kuundana, chilimwe n'kutentha koopsa. Kukatentha mowa umafufuma n'kulowa m'thabwa, kukazizira umabwerera m'mgolo utanyamula mtundu ndi fungo. Jim Beam woyera amachita ulendo umenewu zaka zinayi. Mgolowo ukakhuthulidwa sungagwirenso ntchito ya bourbon, ndiye ambiri amagulitsidwa ku Scotland, kumene wisiki wawo amakagona m'menemo.

Ponunkhiza, madala sanalowetse mphuno m'tambula mwachangu. Anaiyandikitsa pang'onopang'ono, kukamwa kuli kotsekula pang'ono, kuti ukali wa mowa upeze potulukira, usalume m'mphuno. Ananunkhiza ndi mphuno ya kumanja, kenako ya kumanzere, n'kuichotsa tambulayo, n'kupuma mpweya wapanja, n'kubwereranso. Sanalankhule. Anandipatsa ine kuti ndiyambe kunena, chifukwa akuti wolawa akatchula fungo, mnzake amangolimva ngakhale palibe.

Ndinamva vanila, wa mu kasitadi uja. Ndinamva shuga wopserera pansi pa poto. Pansi pa zimenezi panali chimanga chenichenicho, chouma, chotsekemera pang'ono. Panali chinanso chimene ndinachidziwa koma dzina linandithawa.

"Mtedza," anatero madala. "Wokazinga, usanauchotse khungu."

Fungo la mtedzali olawa ambiri padziko amalipeza mu mowa wa Beam, ndipo ambiri amati limachokera ku yisiti wa banja lopanga mowawu. Mbiri yake ndi yokoma kuimva. Jacob Beam anayamba kugulitsa wisiki ku Kentucky mu 1795. Kuyambira 1920 mpaka 1933 dziko la America linaletsa kufulula ndi kugulitsa mowa, ndipo malo ambiri otchezera anatsekedwa. Chiletso chitatha, James Beam, amene dzina lake lili pabotolo, anamanganso fakitale ku Clermont ali ndi zaka pafupifupi 70. Anawetanso yisiti wake, ndipo a m'banjamo amasimba kuti kumapeto kwa sabata ankanyamula chigubu cha yisitiyo kupita nacho kunyumba, kuopa kuti moto kapena ngozi ina ingamuphere mbewu. Yisiti amene akugwiritsa ntchito lero ndi mdzukulu wa yemweyo. Kampaniyo inagulidwa ndi Suntory ya ku Japan mu 2014, koma Fred Noe, wa m'badwo wachisanu ndi chiwiri wa banja la Beam, anapitiriza kuyang'anira kakomedwe ka mowawo.

Pali luso linanso limene silioneka koma limamveka. Akamaliza kutcheza, gawo la zotsalira zowawasa zija amalibwezera m'phala latsopano. Kuwawasako kumaletsa tizilombo toononga phala ndipo kumapangitsa kuti mowa wa sabata ino ufanane ndi wa sabata yatha. Amene anatchukitsa njirayi ku Kentucky m'zaka za m'ma 1830 ndi James Crow, wochokera ku Scotland, munthu amene ankayeza kutentha ndi kuwawasa kwa phala ndi zipangizo pamene anzake ankangodalira chala ndi lilime. Mayi wofulula masese amene amasiya kamowa kakale m'mbiya kuti kadzutse katsopano angaimve nzeruyi msanga, ngakhale kuti ku Kentucky chimene akusunga ndi kuwawasa, pamene yisiti amathira wake payekha.

Kenako tinafika pa kulawa kwenikweni. Kakumwa koyamba madala sakawerengera. Akuti n'kodziwitsa lilime kuti kwabwera mlendo. Kachiwiri ndiye anakasunga m'kamwa, n'kumakayendetsa kuchokera kunsonga ya lilime kupita m'mbali, m'masaya, kukhosi, nsagwada zikuyenda ngati akutafuna, kenako n'kumeza n'kuyamwa milomo. Kalawidwe kameneka kanatchuka ndi Booker Noe, bambo ake a Fred, amene anamwalira mu 2004. Madala anakaphunzira kwa alendo a m'mahotela, ndipo amakachita mwaulemu, maso ali chotsinzina.

Kunsonga ya lilime mowawo unatsekemera, vanila ndi chimanga zili patsogolo. Pakati panatulukira kakuyabwa ka tsabola, kamene kamachokera ku rye. Mtedza uja unabweranso pomeza, limodzi ndi kakuuma ka thabwa. Ndiye zonse zinazimirira mwamsanga, kutsala kutentha pang'ono pachifuwa.

Apa anatenga sipuni yaing'ono, n'kudonthezamo madontho ochepa a madzi. Anazunguza tambula, nadikira. Ukali unatsika, ndipo kunatuluka kafungo ka zipatso, kokhala ngati apulo, kamene poyamba kanabisika. Anandichenjeza kuti mowa uwu sufuna madzi ambiri. Mphamvu yake ili kufupi ndi malire apansi amene lamulo limalola, omwe ndi 40 peresenti, kapena 80 proof m'kawerengedwe ka ku America, ndiye ukauthira madzi mosasamala umasanduka madzi a thabwa. Ayezi nayenso amatseka fungo. Sadana naye pa tsiku lotentha, koma amati munthu alawe kaye asanaponyemo.

Chigamulo chawo sichinali chokometsera. Anati mowawo ndi wopyapyala m'kamwa, sukhalitsa ukameza, ndipo uli ndi kaukali kaunyamata kamene zaka zina ziwiri kapena zitatu m'mgolo zikanakafewetsa. "Koma ndi woyera mtima," anatero. "Palibe chimene ukubisa. Usaufunse zimene sunakulonjeze."

Ine chimene chimandigwira mtima pa botolo lotere ndi ichi. Kusankha mgolo umodzi wokoma kwambiri n'kuugulitsa pamtengo wokwera n'luso ndithu, koma mwayi umathandizapo. Kupanga mabotolo mamiliyoni chaka ndi chaka, onse n'kumakoma mofanana, pamtengo woti mmisiri wa matabwa angaukwanitse, ndi ntchito yolemera kuposa pamenepo. Nyumba zosungira migolo za Beam zina zimafika nsanjika zisanu ndi zinayi. Kumwamba kumatentha, mowa umakhwima msanga n'kukhala waukali. Pansi kumazizira, umakhwima mochedwa n'kukhala wofatsa. Chaka chilichonse gawo lina limauluka kudzera m'thabwa. Palibe migolo iwiri yofanana. Olawa a pafakitale amatenga ya kumwamba, ya pakati ndi ya pansi, n'kuisakaniza mpaka ifike pa kakomedwe kamodzi kamene wogula wa ku Louisville, wa ku Johannesburg ndi wa ku Chirimba akukayembekezera. Maina awo sali pabotolo. Madala akuti Jim Beam amene ankathira alendo zaka zambiri zapitazo ndi amene ali m'tambula lero amamuzindikira ndi fungo lomwelo la mtedza, ndipo umboni umenewo ndimaukhulupirira.

Kudalirika kumeneku sikunabwere kokha. M'zaka za m'ma 1800 amalonda achinyengo ku America ankatenga mowa woyera n'kuthiramo madzi a fodya, utoto ndi zina zoopsa, n'kumautcha wisiki. Mu 1897 kunabwera lamulo la Bottled-in-Bond: mowa wolembedwa mawu amenewa ukhale wa fakitale imodzi, wotchezedwa nyengo imodzi, wogona zaka zosachepera zinayi m'nyumba yoyang'aniridwa ndi boma, ndipo ulowe m'botolo uli ndi mphamvu ya 50 peresenti. Evan Williams wa pepala loyera, wa kampani ya Heaven Hill, ndi mmodzi mwa otsika mtengo amene amatsata lamuloli mpaka lero. Mu 1964 nyumba ya malamulo ya ku America inalengeza kuti bourbon ndi mowa wa dzikolo, ndipo wopangidwa kwina sangatchedwe dzinali. Ife amene tinaona mmene mowa wa m'masacheti unaonongera anyamata athu ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chirimba komweko, mpaka boma kuuletsa, tikudziwa kufunika kwake kwakuti wosauka naye azidziwa chimene chili m'botolo lake.

Sindingathe kulemba za mowa wotcheza osakumbuka amayi otcheza kachasu m'makwalala athu. Luso ali nalo. Amadziwa ndi mphuno nthawi imene gaga ndi shuga zapsa, amadziwa kusunga moto kuti phala lisasefukire m'paipi, amadziwa pamene mutu wathera n'kusintha botolo. Chimene alibe ndi mgolo, choyezera mphamvu, lamulo lowateteza iwo ndi ogula awo, komanso nthawi. Mayi amene ana ake akudikira ndiwo madzulo omwewo sangagoneke mowa zaka zinayi. N'chifukwa chake kachasu amamwedwa ali wamoto, mphamvu yake yosadziwika, ndipo wapweteka mabanja ambiri. Dziko limene linapanga Malawi Gin n'kutchuka naye kunja silingalephere kugoneka mowa wa chimanga chake m'thabwa, litafuna.

Tambula itauma, madala sanaitsuke nthawi yomweyo. Anaisiya pakhonde kwa mphindi zingapo, kenako anandipatsa kuti ndinunkhize. Ukali wonse unali utauluka, kutsala thabwa lotsekemera ndi vanila, zomveka bwino kuposa pamene munali mowa. Akuti mowa wothira zokometsera umasiya tambula ikununkha mankhwala, pamene wogona m'mgolo umasiya fungo la mtengo. Mayeso amenewa ndi amene amawadalira kuposa onse, ndipo Jim Beam woyera anawakhoza.

Inu amene mungalipeze botololi, musalitsegule pa chikhamu cha anthu n'kulimiza mu Coca-Cola musanalimve. Pezani tambula ya vinyo, thirani toti imodzi, nunkhizani kukamwa kuli kotsekula, ndipo mufunefune chimanga ndi mtedza. Mukazipeza, kenako sakanizani ndi soda kapena jinja mmene mukufunira, chifukwa mowawu umalola. Si wisiki wapamwamba, koma pa mtengo wake ndi wopangidwa bwino, ndipo ndalama yanu simunaitaye.