Filimu ya Taare Zameen Par ndi funso la sukulu yoyenera mwana wovutika kuwerenga

Taare Zameen Par ndi filimu ya ku India ya caka ca 2007. Nkhani yake inalembedwa ndi Amole Gupte, ndipo Aamir Khan ndiye anaitsogolera n'kuseweranso ngati mphunzitsi. Ikukamba za Ishaan, mnyamata wa ku Mumbai amene akubwereza kalasi yacitatu. Akayang'ana m'buku, zilembo zimaoneka ngati zikuvina, ndipo b amamulemba ngati d. Aphunzitsi akuti ndi waulesi, atate ake akuti ndi wamwano, motero akumutumiza kusukulu yogonera komweko kuti akamuwongole.

Mphamvu ya filimuyi yagona pa zimene zikucitika kumeneko. Sukuluyo ndi yokongola, ya malamulo okhwima, koma Ishaan akungofota. Waleka kulankhula, waleka ngakhale kujambula kumene ankakukonda. Zinthu zikusintha pamene mphunzitsi wa zojambula, Nikumbh, akukhala pansi n'kuunika makope a mwanayo. Akupeza kuti zilembo zomwezomwezo ndizo zikutembenuzidwa tsamba ndi tsamba. Limeneli ndi vuto la dyslexia: mwana amavutika kulumikiza cilembo ndi liwu lake ngakhale ali ndi nzeru ngati anzake. Nikumbh akumuphunzitsa payekha, kulemba pamcenga ndi kuumba zilembo ndi dongo. Kholo loonera filimuyi likuphunzira kuti posankha sukulu, cofunika kufunsa n'cakuti kodi pali mphunzitsi amene amawerenga zolakwa za mwana asanazilembe cizindikiro cofiira.

Gawo limodzi likuwakhudza mwapadera aphunzitsi a zilankhulo ziwiri. Nikumbh akupatsa atate a Ishaan bokosi lolembedwa m'cilankhulo cacilendo n'kuwakakamiza kuti awerenge. Bamboyo akulephera, ndipo mphunzitsi akumudzudzula ndi mawu onga amene iye amadzudzulira mwana wake. Filimuyi ikugwiritsa nchito citsanzoci pofotokoza dyslexia, koma mwana wa ku Angónia amene kwawo amalankhula Cinyanja, atapatsidwa buku la Cipwitikizi m'kalasi yoyamba, ali ngati bamboyo ngakhale alibe vuto lililonse. Ana awiri, wina wosamva cilankhulo, wina wa dyslexia, amaoneka cimodzimodzi m'kalasi ya Cipwitikizi cokha: onse ali duu, onse akulemba zosamveka. Kuyambira pa PEBIMO, imene inayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri ku Tete ndi ku Gaza m'zaka za 1993 mpaka 1997, aphunzitsi ali ndi njira yowasiyanitsira. Mwana amene amafotokoza bwino nthano m'Cinyanja, koma patapita miyezi yambiri akulepherabe kuwerenga "ba" ndi "da" m'cilankhulo cake comweco, akufunika thandizo lapadera. Mnzake uja ankangofunika cilankhulo cimene amamva.

Zofooka za filimuyi nazonso n'zoonekera. Coyamba, Nikumbh yekha ndiye ngwazi, ndipo aphunzitsi ena ambiri awajambula ngati zitsiru zaukali. Mphunzitsi amene ali ndi kalasi yodzaza, mabuku ali ocepa, sangadzione m'cithunzi cotere. Caciwiri, nkhani ikutha Ishaan atapambana mpikisano wa zojambula, ngati kuti mwana wa dyslexia ayenera kukhala ndi luso lodabwitsa kuti asamalidwe. Ambiri alibe luso lotero, koma ufulu wawo wophunzira ndi womwewo. Cikalata ca Salamanca ca 1994 cimati masukulu wamba alandire ana onse, ndipo siciika malire otere. Cacitatu, kupita patsogolo kwa Ishaan akukuonetsa m'mphindi zocepa, nyimbo ikuimbidwa, pamene nchito yeniyeni imatenga zaka.

Banja la Ishaan lili ndi ndalama zosinthira sukulu. Kumidzi ya ku Tete ndi ku Niassa sukulu nthawi zambiri imakhala imodzi, ndipo cimene makolo angasankhe ndi kalasi: ya zilankhulo ziwiri kapena ya Cipwitikizi cokha. Ena amaopa kuti zilankhulo ziwiri zimusokoneza mwana wovutika kale. Filimuyi siyankha mantha amenewa, koma ikupereka poyambira: mphunzitsi atsegule kope la mwanayo pamaso pa makolo, awaonetse zilembo zimene zikumuvuta, n'kuwafotokozera m'Cinyanja zimene acite naye mawa m'mawa.