Duwa Limodzi pa Dziwe la ku Berlin

Ku Berlin, chikumbutso cha Ayuda ophedwa ndi a Nazi chidatsegulidwa m'chaka cha 2005, chili ndi miyala 2,711. Mitundu ya Sinti ndi Roma, imene makolo ake adachokera ku India, idayembekeza chake mpaka 2012, ngakhale nayonso idapululidwa ku Auschwitz. Mmisiri wake, Dani Karavan, adali Myuda. Adakonza dziwe lakuda, pakati pake mwala wa ngodya zitatu, pamene amaikapo duwa latsopano tsiku lililonse. Apa mpamene pagona luso lake: mwala sulira wousamala, koma duwa limafota popanda wolisintha. Myuda polira maliro a mnzake waonetsa kuti maliro sapikisana. Komabe dziwe siliphunzitsa mwana. M'sukulu, zidzukulu za ophedwa a mbali zonse ziwiri zipatsidwe bwalo, zilankhule zokha.