Nkhondo za Aroma pa Kompyuta: Kuyesa Masewero Otchedwa Rome: Total War

Mwa zinthu zimene zafika ndi kompyuta muli masewero ofanizira nkhondo zamakedzana, ndipo ena a inu amene muli kuphunzira zauphunzitsi munawaonapo kale. Sikuthandiza kungopukusa mutu ndi kunena kuti nzachibwana. Mwana amene wasewera masewero otere afika m'kalasi ali ndi mbiri yakeyake m'mutu, ina yoona, ina yonama, ndipo mphunzitsi wosadziwa kulekanitsa ziwirizi adzasowa pogwira. Tsono tifuna tiyese amodzi mwa masewerowa, otchedwa Rome: Total War, monga momwe tiyesera buku: tione chimene anena zoona, chimene abisa, ndi pamene anama.

Anawapanga ndi a kampani ya Creative Assembly ya ku England, natuluka m'chaka cha 2004, ndipo mu 2021 anatulukanso atakonzedwa maonekedwe. Nkhani yake iyamba m'chaka cha 270 B.C. ndi kutha mu A.D. 14, chaka chimene anamwalira Augustus. Wosewera asankha banja limodzi mwa mabanja atatu a Aroma, a Julii, a Brutii kapena a Scipii, ndipo kuti apambane ayenera kulanda zigawo 50 pamodzi ndi mzinda wa Roma. Ntchito iri pawiri. Pa mapu amanga mizinda, akhometsa msonkho ndi kuyendetsa ankhondo, ndipo kusuntha kumodzi kuimira miyezi 6. Ankhondo akakomana ndi adani, mapu achoka, paoneka bwalo la nkhondo ndi mapiri ake ndi mitsinje yake.

Tiyambe ndi chimene anachita bwino, pakuti nchachikulu. Kazembe mmodzi aloledwa kutsogolera magulu osapitirira 20, ndipo posankha maguluwo mpamene nzeru ya wosewera iyesedwa. Amene adzaza malo onse ndi apakavalo, chifukwa choti ndiwo othamanga ndi okongola, adzawaona akutha pa nsonga za nthungo. Amene akhulupirira amauta okha adzalira apakavalo akawafika pafupi. Mtundu uliwonse wa ankhondo uli ndi mnzake woutha, ndipo palibe gulu loima palokha. Koposa apo, ankhondo a m'masewerowa sayembekeza kuti aphedwe onse. Athawa mitima ikasweka: kazembe wao akagwa, akatopa, akaona anzao a pambali pao ataya zishango, makamaka akamva adani kumbuyo. Apa opanga masewero anagwira njakata yeniyeni ya nkhondo zakale, pakuti magulu ambiri anagonja chifukwa cha mantha, ndipo ochuluka anaphedwa pothawa. Mwana amene waona zimenezi ndi maso sadzavutika kumva zimene Hannibal anachita pa Cannae mu 216 B.C., pamene analola apakati ake kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, Aroma nalowa ngati nsomba m'mono, ankhondo a ku Africa nawapanikiza m'mbali, apakavalo natseka pakhomo. Mphunzitsi angajambule zimenezo pa bolodi kangapo, koma choko sichionetsa mantha.

Chinanso chokoma nchakuti gulu lililonse lilipidwa madinari nthawi zonse, lingamenye nkhondo kapena lingokhala, ndipo anthu olembedwa usilikali achotsedwa pa chiwerengero cha mzinda. Wolemba ankhondo mosaganiza apeza mzinda wake waleka kukula ndi thumba lake lauma.

Koma tikafika pa kapangidwe ka gulu la nkhondo la Aroma, masewerowa apotoza mbiri. Polybius, Mgriki amene anakhala zaka zambiri ku Roma, analemba kuti legio imodzi inali ndi oyenda pansi 4,200 ndi apakavalo 300. Panali ma velites 1,200, anyamata ndi osauka oponya nthungo zopepuka. Ma hastati 1,200 pa mzere woyamba. Ma principes 1,200, amuna a msinkhu wamphamvu, pa mzere wachiwiri. Ndi ma triarii 600, akuluakulu ozolowera nkhondo, kumbuyo. Onsewa anali kupita pamodzi, ndipo chowasiyanitsa chinali msinkhu ndi chuma. M'masewero sizili tero. Wosewera ayamba kulemba ma hastati, ndipo ma principes ndi ma triarii awalemba pokhapokha atamanga nyumba zokulirapo za asilikali m'mizinda yokulirapo. Chimene chinali dongosolo la mibadwo ya anthu chasanduka makwerero a zomanga. Mwana aganiza kuti triarius ndi msilikali watsopano wokwera mtengo, pamene anali bambo wa imvi zoyamba amene anzake anamdalira zinthu zikafika pothina.

Choposa ichi ndi kusowa kwa ogwirizana nao. Pafupifupi theka la oyenda pansi a nkhondo ya Roma, ndi apakavalo ambiri, anali ochokera m'mizinda ina ya Italy imene inapangana ndi Roma. Ngakhale pa Zama mu 202 B.C., pamene Scipio anagonjetsa Hannibal, apakavalo a Masinissa wa ku Numidia anathandiza kwambiri kutsiriza nkhondoyo. Masewerowa alola wosewera kulemba ankhondo aganyu apa ndi apo, koma mapangano amene anali msana wa mphamvu ya Roma saoneka. Chotsatira chake, Roma aoneka ngati anapambana chifukwa Aroma anali amuna koposa mitundu yonse, ndipo imeneyi ndi nthano imene Aroma eni ake akanakondwera kuimva.

Za dziko la Egypt nzochititsa manyazi. M'zaka zimenezo dzikolo linali kulamulidwa ndi banja la Ptolemy, lochokera ku Macedonia, ndipo ankhondo ake anali kumenya monga Agriki. Pa Raphia mu 217 B.C. Ptolemy IV anali ndi njovu 73 ndi anthu a ku Egypt 20,000 ophunzitsidwa kugwira nthungo zazitali pa mizere, nagonjetsa Antiochus III amene anali ndi njovu 102. Koma pa mapu a masewero tipeza magaleta ndi zovala za nthawi ya Afarao a zaka 1,000 m'mbuyo mwake. Opanga masewero anafuna Egypt amene ogula amdziwa kale m'zithunzi. Zina monga agalu a nkhondo ochuluka ndi nkhumba zoyatsidwa moto zoopsera njovu tingaziseke ndi kupitirira, koma kubweza mtundu wathunthu wa mu Africa zaka 1,000 sikoseketsa. Osewera ena sanakhutire nazo, napanga zosintha zaozao monga Europa Barbarorum pofuna kubwezera mitundu ija maonekedwe ake enieni.

Nanga za kamba? Ankhondo a m'masewerowa sadya. Angakhale m'dziko la adani zaka 10, dzinja ndi chilimwe, osafooka, malinga madinari alipo kwao. Komatu msilikali adya tsiku ndi tsiku, kavalo adya koposa, ndipo kazembe wakale anali kuganiza za tirigu, msipu ndi madzi nthawi yambiri kuposa za mizere ya nkhondo. Nchifukwa chake nkhondo zambiri zinali kuima m'nyengo yozizira. Fabius Maximus, amene anapatsidwa ulamuliro mu 217 B.C., anakana kukomana ndi Hannibal pa bwalo, namtsata patali m'mapiri, nagwira amene anatuluka kukafuna chakudya. Anzake anamutcha wozengereza, koma njira yakeyo ndiyo Aroma anabwererako atapsa pa Cannae, ndipo Hannibal anakhala m'Italy kufikira 203 B.C. osalanda Roma. M'masewero munthu wochita monga Fabius angotaya nthawi, chifukwa mdani wake alibe mimba. Ana athu ambiri adziwa bwino tanthauzo la nkhokwe yopanda kanthu m'mwezi wa February, ndipo mukawafunsa chimene chikusowa m'nkhondo yotere adzakuyankhani msanga.

Pali malo amodzi pamene mphunzitsi ayenera kuchenjera kwambiri. Wosewera akalanda mzinda apatsidwa njira zitatu: kungokhalamo, kutenga anthu ukapolo, kapena kupha ambiri a iwo. Njira yachitatuyi ibweretsa ndalama zambiri, ndipo mzinda wotsala ndi anthu owerengeka suvuta kuulamula. Kotero wofuna kupambana msanga aphunzira kupha mosaganiza, chiwerengero cha anthu chitsika pa galasi, madinari akwera, basi. Sitinganene kuti Aroma sanachite zotere, pakuti mu 146 B.C. anapasula Carthage ndi Corinth nagulitsa otsala monga akapolo. Cholakwa cha masewerowa nchakuti aika wosewera pa mpando wa wolanda nthawi zonse, ndipo palibe pamene aona mzindawo ndi maso a mai amene ali m'kati mwa linga.

Otsiriza ndi mau. Pofotokozera ana nkhani zimenezi m'Chichewa simudzasowa zida, pakuti nthungo, uta, lupanga, chishango, linga, kazembe ndi apakavalo ndi mau athu, ndipo ena a iwo ana awamva kale m'Baibulo. Mau monga hastati ndi triarii asiyeni momwe alili, muwamasulire kamodzi. Ovuta ndi phalanx, amene alibe mnzake m'chinenero chathu. Nenani kuti ndi amuna oima mothithikana pa mizere yambiri, aliyense atagwira ndi manja awiri nthungo yotalika mamita 5 kapena kuposapo, nsonga za mizere yoyamba zitaloza kutsogolo ngati minga ya nungu, kotero kuti wobwera kumaso sapeza polowera, koma wozungulira m'mbali awapeza osatha kutembenuka.