Khasu ndi Buku pa Hampton

Mnyamata ali yense amene alikuphunzira za ulimi ndi colinga cakuti akakhale mphunzitsi ayenera kuwerenga buku la Booker T. Washington lochedwa Up from Slavery, limene linasindikizidwa m'caka ca 1901. Koma aliwerenge maso ali tcheru, pakuti mwini wace anali munthu wodziwa kusankha zonena ndi zosiya.

Washington anabadwa kapolo m'dziko la Virginia ku Amereka. M'caka ca 1872 anayenda ulendo wa mamailo ngati 500 kunka ku sukulu ya Hampton, imene dzina lace lomwe linali kunena za uphunzitsi ndi ulimi pamodzi. Ndalama zinamthera pa njira, nagona usiku pansi pa matabwa a m'mbali mwa mseu mu mzinda wa Richmond. Pofika pa sukulupo sanamyesa ndi masamu kapena ndi kalembedwe iai, anampatsa tsache. Iye anasesa cipinda katatu, napukuta pfumbi kanai, ndipo anamlandira. Mitu imeneyi ndiyo mtima wa bukuli. Mau ace ndi apafupi, ciganizo ciri conse cingonena cimene cinacitika, ndipo wowerenga amva njala ndi mantha a mwanayo monga ngati ndi zace.

Atatsiriza maphunziro m'caka ca 1875 anabwerera kwao ku Malden kukaphunzitsa, ndipo m'caka ca 1881 anayamba sukulu ya Tuskegee ku Alabama ndi ophunzira 30. Apa ndipo pali nkhani imene mphunzitsi wa zaulimi aidziwa bwino. Ophunzirawo anadza ku sukulu kuti athawe khasu. Makolo ao analima thonje mu ukapolo, tsono kwa iwo munda unali cizindikiro ca goli. Pamene sukulu inagula munda wa maekala 100 pa mtengo wa madola 500, anyamata ananyinyirika kukaswa mphanje. Washington sanawalalikira, anatola nkhwangwa natsogola yekha kuthengo. Pambuyo pace ng'anjo ya njerwa inakanika katatu, ndipo iye anapinyolitsa woci yace pa madola 15 kuti ayesenso kacinai. Ine ndiyesa kuti masamba amenewa aposa mabuku ambiri a kaphunzitsidwe.

Koma tsono tifunse: kodi m'mundamo anaphunziramo ciani? Bukuli likamba zambiri za ulemu wa nchito ya manja, koma za nthaka, za mbeu, za kubwezera conde m'munda woguga, muli pang'ono cabe. Munda wakhala ngati malo ophunzirira khalidwe. Wophunzira wofuna kudziwa cimene akanene pamaso pa ana a alimi Lolemba m'mawa adzatseka buku manja ali opanda kanthu. Ndiponso theka lotsiriza lifooka ndithu. Mwana wa tsache uja asowa, ndipo m'malo mwace muima munthu wochuka woyenda m'mizinda, wochula maina a anthu acuma amene anampatsa ndalama, ndi kubwereza mau a manyuzi omtamanda. Sitingamdzudzule kwambiri pa ici, popeza sukulu idya ndalama, ndipo buku lomwelo linali mbale yopemphera.

Colakwa cacikuru ciri pena. Washington aonetsa ngati kuti munthu wakuda akangolimbika pa nchito, Mzungu adzamlemekeza. Komatu caka comweco ca 1901 dziko la Alabama linalemba malamulo atsopano amene analanda anthu akuda ambiri ufulu wa kusankha atsogoleri. W. E. B. Du Bois anamtsutsa poyera m'caka ca 1903 pa cifukwa cimeneci. Kuphunzitsa munthu kulima bwino munda wa mwini wace, pamene zokolola zipita ku ngongole, ndiko kunenepetsa ng'ombe ya wina.

Nkhaniyi siiri kutali ndi ife. M'caka ca 1924 akuluakulu a Phelps-Stokes anayendera maiko a kuno, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones amene anaphunzitsapo pa Hampton, pamodzi ndi Dr. Aggrey wa ku Gold Coast. Anayamikira maphunziro a mtundu wa Hampton ndi Tuskegee, ndipo m'maganizo amenewo munaturuka sukulu ya Jeanes ya ku Mazabuka, imene inasamukira ku Chalimbana m'caka ca 1939. Aphunzitsi anaturuka kumeneko ndi nzeru zabwino za dimba, manyowa ndi ukhondo wa pamudzi. Koma m'zaka zomwezo minda ya conde ya m'mbali mwa njanje inali m'manja mwa Azungu, ndipo kuyambira 1936 malamulo a kagulidwe ka cimanga anakondera iwo omwewo. Makolo amene anakwiya poona ana ao alikulima munda wa sukulu m'malo mwa kuphunzira Cingerezi sanali aulesi monga ena anawanenera. Anali ataona kuti kalaliki ndiye amalandira malipiro pa kutha kwa mwezi, ndipo funso lao ndilo lomwe lija limene anyamata a ku Tuskegee anafunsa tsiku limene anapatsidwa nkhwangwa.